Khanda Likadwala, Mlandu Uyambe Wadikira

Mwa zowawa zonse zimene kachilombo ka HIV kadadzetsa m'dziko muno chiyambire 1985, palibe chondiwawitsa mtima koposa ichi: kuti khanda likayamba kunyentchera, m'kamwa mutachita zilonda zoyera, m'mimba mukutsekula kosaleka, chibayo chikulibanikitsa usiku wonse, akuluakulu a pamudzi, m'malo mothamangira nalo kuchipatala, amayala mphasa nayamba kuzenga mlandu wa tsempho. Afunsa amene adathira mchere m'ndiwo, afunsa amene adayenda njira zosayenera mwana asanatengedwe kumphasa; ndipo pamene anamkungwi ndi ankhoswa ali kuponyerana mawu, sing'anga nalandira nkhuku yake, mwini matenda ali kutha pamsana pa mai wake.

Sindinyoza mwambo wa makolo, pakuti unaikidwa kuti usunge banja. Koma mwambo umene udya masiku a mwana wodwala wasanduka mdani wa chimene unkasunga. Bungwe la WHO lidachenjeza kale kuti mwa makanda atatu okhala ndi kachilombo amene salandira mankhwala, mmodzi satha chaka, ndipo theka la ana otere saona chaka chachitatu. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono tidzawiringula chiyani, ife amene boma lidayamba kutigawira ma ARV aulere mu 2004, ife amene mu 2011 tidatsogolera dziko lonse lapansi poika mai aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wake wonse? Khanda lobadwa kwa mai wotere limamwetsedwa nevirapine kuyambira tsiku lobadwa. Likakwana masabata 6 amalitenga timadontho ta magazi kuchitendene nalipatsa bakitirimu woliteteza ku chibayo. Amaliyezanso pa miyezi 12 ndi 24. Ndipo likapezeka nako, alipo mankhwala osungunuka m'madzi amene ngakhale wosamera mano angathe kumeza.

Ena adzati mai ndiye wolakwa, chifukwa amabisa. Inde amabisa, koma abisira yani? Abisira mwamuna amene, atangomva, adzamlozera njira ya kwao, chikhalirecho iye mwini sanaongolepo mkono kuti ayezedwe. Lowani m'chipinda cha ana ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central, muwerenge odwazika: amai ndi agogo okhaokha, ogona pansi pambali pa bedi, otembenuza mwana, omupukuta, omudonthezera mkaka ndi kapu pamene mphamvu yoyamwa yamthera. Nanga abambo ali kuti? Mutu umodzi susenza denga, ndipo mai wosagona, wosadya, wonyozedwa, amene nayenso ayenera kumwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku, sangalimbe yekha kufikira mwana atachira.

Ngakhale pamene madokotala aona kuti matenda apitirira, udindo sutha: ululu uchepetsedwe, mwana akhale wofunda ndi waukhondo, afungatiridwe, pakuti kachilomboka sikayenda m'kufungatira kapena m'misozi.

Chifukwa chake ndikupemphani inu mafumu, abusa, mashehe ndi ankhoswa: mukamva kuti khanda lafooka pamudzi panu, lamulani njinga ituluke tsiku lomwelo, bambo atsagane ndi mkazi wake, onse atatu akayezedwe. Ngati mlandu ulipo, mudzauzenga mwana atayamba kuyamwa.