Halloween m'sukulu? Kuno ufiti si sewero

Tamva kuti sukulu zina za ku Lusaka zimakondwerera Halloween pa 31 October. Ana amavala ngati mfiti ndi mizukwa, naboola maungu kuti aoneke ngati zigaza. Ife kuno ku Chama tikupempha aphunzitsi athu kuti asatengere zimenezi.

Ku America mfiti ndi nthano cabe. Kuno nkhalamba zimathamangitsidwa m'midzi, zina kumenyedwa kumene, cifukwa coganiziridwa ufiti, ngakhale kuti lamulo la Witchcraft Act limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Mwana akazolowera kujambula mfiti ngati gogo wamakwinya woyendera ndodo, mawa adzaloza ndani? Nalo dzungu, alimi anzathu, n'loseweretsa mu October pamene nkhokwe zayamba kupepuka?

Komatu tsikulo ndi lathu Akhristu. Dzina la Halloween litanthauza madzulo a Oyera Onse, cikondwerero ca pa 1 November, ndipo pa 2 November timapempherera akufa. Conco ana acite sewero la Kizito Woyera, mnyamata wa zaka 14 amene anatenthedwa ku Namugongo, Uganda, mu 1886. Afunsenso agogo maina a makolo amene anatisiya, awalembe, akawawerenge m'kalasi.

Ngati afuna zoopsa, aphunzitsi awajambulire kadzidzi pa bolodi. Awauze kuti polira usiku saitana maliro, aitana mnzake, ndipo amagwira makoswe otidyera mpunga ndi cimanga. Kenaka apikisane kulira ngati kadzidzi, wopambana alandire pensulo.