Njovu yakuda imene inayandama m'ndowa

Pa Khirisimasi yapitayi kwathu kuno ku Ludzi kunabwera msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Atatsika basi ku Lilongwe anayamba wadzera pa msika wa ziboliboli ku Old Town, chifukwa bwana wake anamutuma kuti akamugulire njovu ya "ebony" yeniyeni. Anaipezadi, yakuda bii, yonyezimira, kukula kwake ngati zibakera ziwiri. Wogulitsa analumbira kuti ndi phingo weniweni. Msuweni ananenerera mpaka anatsitsitsa ndi theka, ndipo anafika kunyumba akudzitama kuti pa malonda iye sapusitsidwa.

Nditainyamula ndinamva kuti yapepuka. Ndinati, "Asuweni, tandibwerekani njovu yanuyo kamphindi." Ndinatunga madzi m'ndowa n'kuiponyamo. Njovu ija inangoti phava, kenako n'kuyamba kuyandama ngati chitsononkho. Nditaipukuta kunsi kwa phazi ndi kansalu konyowetsa ndi parafini, kansalu kanada, fungo la polishi wa nsapato linamveka, ndipo pansi pake panaoneka thabwa loyera. Akuluakulu ankanena zoona: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Msuweni anakwiya. Ine ndinasangalala, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake. Koma tiyambe ndi zomwe zinachitika m'ndowamo, poti ndi zomwe mumaphunzira mu Physics.

Chinthu chimamira kapena kuyandama malinga ndi density yake, kutanthauza kulemera kwake poyerekeza ndi malo amene chikutenga. Density ya madzi ndi galamu 1 pa cm³ iliyonse. Choposa pamenepo chimamira, chochepera chimayandama. Mitengo yambiri ikauma imayandama. Mlombwa uli cha pa 0.6, malaina cha pa 0.5. Koma mtima wa phingo uli cha pa 1.2, ndiye umamira ngati mwala. Mutha kuyesa nokha mu labu. Yezani kachidutswa pa sikelo. Kenako kamizeni konse m'chitini chodzadza madzi, mukukakankha ndi kawaya ngati kakuyandama, ndipo muyeze madzi amene asefukira. Tiyerekeze kuti kakulemera magalamu 240 ndipo kasefutsa madzi okwana 400 cm³. Mukagawa 240 ndi 400 mupeza 0.6. Ameneyo si phingo, ngakhale atada bwanji.

Chenjerani pamfundo imodzi. Chiboliboli chikayandama, mwatsimikiza kuti si mtima wa phingo. Koma chikamira simunatsimikize kuti ndi phingo, chifukwa tsanya nayenso amamira. Kuyesa kumodzi kumatha kugwetsa bodza, koma sikukwanira kutsimikizira choona. Sayansi yambiri imayenda choncho.

Nanga phingo amalemereranji chonchi? Mukadula thunthu lake muona zigawo ziwiri. Kunja kuli thabwa lotuwa mwachikasu, momwe mumadutsa madzi ochokera ku mizu kupita ku masamba. M'kati muli mtima wakuda. Maselo a mumtimamo anafa kale, makoma ake ndi ochindikala, timipata ta mpweya n'tochepa, ndipo tadzadza ndi mafuta ndi utomoni zimene mtengo unaikamo kuti chiswe ndi nkhungu zisaudye. Mtima wotere supangika msanga. Phingo, amene dzina lake la sayansi ndi Dalbergia melanoxylon, amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti afike poti n'kudulidwa. Kulimba kwakeko n'kumene kunamugulitsa: ku Ulaya amapangira zida zoimbira monga clarinet ndi oboe, chifukwa safufuma msanga ndi chinyezi cha mpweya wa woimba.

Tsono taganizani. Njovu ya msuweni ikanakhala ya phingo, bwenzi itachokera ku mtengo umene unamera agogo anu asanabadwe. Wosema akanaisema masiku angapo, msuweni akanaigula m'mphindi khumi, ndipo bwana akanaiika pa shelefu n'kuiiwala. Mtengo wina wolowa m'malo mwake ukanadzakhwima zidzukulu zanu zili ndi imvi. N'chifukwa chake ndinasangalala. Njovu yathu inali ya mtengo wofewa, wa mtundu wokula msanga, ndipo luso la wosema linali lomwelo: makutu, chitamba, makwinya a pakhungu, zonse zinali m'malo mwake.

Musandimve molakwa, sindikuikira kumbuyo bodza. Wogulitsa uja ananama, ndipo kunama pa malonda ndi kuba. Koma bodzalo analiyambitsa ndani? Mlendo akafika pa msika funso lake loyamba limakhala lakuti, "Ndi ebony?" Akamva kuti ayi, amapita pa benchi ina. Ndiye wosema amatsala ndi njira ziwiri: kukasaka phingo wotsala kutchire, kapena kugula kachitini ka polishi. Njira zonse ziwirizi amazitsegula ndi wogula. Maganizo anga ndi akuti vuto lili m'mutu mwathu ogulafe, amene timayesa kuti ubwino wa chiboliboli uli pa kuda ndi kulemera kwa thabwa, pomwe uli m'manja mwa amene anachisema.

Pali chitsanzo chowawa cha komwe maganizo otere amafikitsa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umapezeka pa phiri la Mulanje lokha padziko lonse. Thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichilidya, motero anthu ankalifuna pa denga, pa mabwato ndi pa timabokosi togulitsa kwa alendo. Kudula kosaloledwa pamodzi ndi moto zinaumaliza, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mu 2019, pa msonkhano wa CITES ku Geneva, dziko la Malawi linapempha kuti mkungudzawu, pamodzi ndi mukula umene anansi athu a ku Zambia amaudziwa bwino, ziikidwe pa mndandanda wa zachilengedwe zimene malonda ake odutsa malire ayenera kuyang'aniridwa, ndipo pempholo linavomerezedwa. CITES ndi pangano la mayiko loona za malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi. Phingo ndi abale ake a mtundu wa Dalbergia analowa pa mndandanda womwewo pa msonkhano wa mu 2016, umene unachitikira ku Johannesburg, mumzinda momwe njovu yathu imapita.

Ndikudziwa zomwe ena mwa inu munganene. "Aa, inunso! Mitengo ikutha ndi makala, zigafa za fodya ndi kutsegula minda. Osema ndi angati?" Mukunena zoona. Aliyense amene wayenda mumsewu wa Mchinji kupita ku Lilongwe waona matumba a makala pa njinga. Poyerekeza ndi zimenezo, thabwa lomwe limapita ku ziboliboli n'lochepa, ndipo thunthu limodzi likasemedwa limadyetsa banja nthawi yaitali kuposa likawotchedwa makala. N'chifukwa chake sindikunena kuti tisiye kugula ziboliboli. Koma kusiyana kwake n'kwakuti wowotcha makala amadula chilichonse, pomwe wofuna thabwa lapamwamba amasankha: mtundu wosowa, mtengo waukulu, wowongoka, wopanda matenda. Imeneyo ndiyo mitengo yobereka mbewu zambiri. Mukaichotsa, nkhalango imaoneka yobiriwirabe, koma mtundu umodzi umakhala ukutha mwakachetechete. Mu Biology mumati biodiversity yachepa, ngakhale mthunzi ulipo.

Wina anganenenso kuti mtengo wofewa umafumbwa. Inde, sungafanane ndi phingo. Koma ukaumitsidwa bwino pamthunzi usanasemedwe, n'kupakidwa phula kapena mafuta, umakhala zaka zambiri m'nyumba. Ku Kenya, osema ambiri a ku Mombasa anasamukira ku nimu, mango ndi jakaranda mitengo yawo yolimba itayamba kusowa, ndipo malonda sanafe. Mitengo itatu yonseyi ili ponseponse kwathu kuno.

Komanso mphatso yochokera ku Malawi siyenera kukhala ya thabwa nthawi zonse. Pali malichero ndi madengu a nsungwi, ndipo nsungwi ndi udzu, ukadula imaphukanso pa tsinde lomwelo n'kukhwima m'zaka zochepa. Pali mikeka ya mlaza, mphasa za bango, miphika, ndi mbale zadothi za ku Dedza. Wofuna kuona komwe luso la kusema lingafike apite ku Mua, ku Kungoni Centre imene anaiyambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. Munthu akaima patsogolo pa zosema za kumeneko amayamba wafunsa kuti zikunena chiyani, za mtundu wa thabwa zimabwera pambuyo. Chimodzi chokha musachiyandikire n'komwe: chilichonse cha mnyanga wa njovu kapena chiwalo cha nyama yotetezedwa. Kuyambira mu 2017 lamulo la dziko lino limalola kuti wopezeka nazo akhale kundende mpaka zaka 30.

Mwina mukuti izi n'za azungu, inu mulibe ndalama yogulira ziboliboli. Koma ife tili m'boma la m'malire. Alendo ochokera ku Chipata ndi ku South Luangwa amalowera pa Mwami n'kudutsa pafupi ndi kwathu. Abale a ku Joni ndi ku Harare akabwera, amene amawaperekeza ku msika n'kuwamasulira ndi inuyo. Ena mwa inu bambo anu kapena malume anu ndi osema. Pakamwa panu pali mphamvu kuposa momwe mukuganizira.

Ndiye mukaperekeza mlendo, mufunseni wogulitsa mafunso awiri mwaulemu: "Bambo, mtengo umenewu ndi wanji? Anasema ndani?" Akayankha kuti ndi jakaranda kapena mango, musachite tsinya. Muuzeni mlendo wanu kuti chimenecho ndiye chabwino, ndipo mumufotokozere chifukwa chake. Ndipo musamuthandize kunenerera mpaka wosema atsale wopanda phindu. Munthu amene walandira zochepa pa chiboliboli chimodzi amayenera kusema zitatu kuti agule thumba la chimanga, ndipo zitatuzo zimachokera kutchire. M'Chichewa mawu akuti mtengo amatanthauza womera m'nkhalango komanso wolipira pa msika. Mukaugwetsa kwambiri wa pa msika, wa m'nkhalango nawonso umagwa.

Msuweni anatenga sandipepa tsiku lotsatira n'kupala polishi yense. Njovu inatuluka yotuwa, ili ndi mizere ya thabwa yooneka bwino pamsana, ndipo tinaipaka mafuta pang'ono. Anandifunsa kuti akamuuze chiyani bwana wake. Ndinati, "Mukawauze zoona, asuweni. Mukati phingo tamusiya kutchire, akukulabe."