Vaneti Ikafooka, Pimitsani Timing Musanakambe Kuti Injini Yatha

Mavaneti akale ndiwo anyamula tauni yathu. Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody na Mazda ndizo zimafikitsa matimati ku Soweto Market kukali mdima, kunyamula mapulanga ku Buseko, na kusamutsa katundu wa banja kucoka ku Matero kupita ku Kanyama. Ambili a ise timadyela mmenemo. Wina ni dalaiva, wina ni wopakila katundu, wina aphunzila umakanika pa galaji ya pansi pa mtengo. Conco vaneti ikayamba kufooka pa citunda, kumwa mafuta na kutentha, nsima ya pa nyumba nayo imacepa.

Pa nthawi ngati iyi, mau amene amamveka msanga ni akuti "injini yatha." Mwini motoka amagula mapulagi, mawa kabuleta, mkuja pampu ya mafuta, mpaka kuyamba kufunsa mtengo wa injini ina yocokela ku Japan. Ise tikuti musanatulutse olo ngwee, pimitsani timing. Ndipo ipimidwe na cipangizo, osati na khutu.

Timing ni nthawi imene moto umayaka mkati mwa injini. Mu injini ya petulo, pisitoni imakwela na kupanikiza mafuta osakanizika na mpweya, ndiyeno pulagi imayatsa. Motowo umafuna kanthawi kuti ufalikile, n'cifukwa cake pulagi ifunika kuyatsa pisitoni ikatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni. Kanthawi kameneka amakapima m'madigili a kuzungulila kwa crankshaft. Injini ikamazungulila ka 3,000 pa mineti, ndiye kuti izungulila ka 50 pa sekondi imodzi. Pa liwilo limenelo, madigili 10 amadutsa m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Palibe khutu lingawelenge zimenezo.

Moto ukacedwa, mafuta amapsa pisitoni itayamba kale kutsika, ndipo mphamvu yambili imathawila ku ekizozi. Motoka imalema, dalaiva amapondela pansi, mafuta amatha, injini imatentha. Moto ukafulumila kwambili, umamenya pisitoni ikali kukwela. Apo mumamva kulila monga tumiyala m'citini mukaponda pa citunda, ndipo nthawi zina sitata imavutika monga batile yafooka. Kugogoda kumeneku kukapitiliza kumaphwanya kapena kuboola pisitoni.

Apa m'pamene khutu limanamiza. Munthu akapotoza distributor kuti moto ufulumile, injini yoimilila pa galaji imakweza mau na kumveka bwino, mwini motoka n'kumwetulila. Koma vaneti ya pa galaji ilibe katundu. Ikanyamula matumba 20 a simenti, amene ni tani yathunthu, n'kuyamba kukwela Munali Hills kapena zitunda za ku Manenekela pa Great East Road, m'pamene kugogoda kumayamba. Timing light imaonetsa digili yeniyeni pa cizindikilo ca pa pulley, ndipo digili yoyenela imalembedwa m'buku la motokayo, nthawi zina pa kapepala komatidwa pansi pa boneti.

Pa motoka yakale timing imasuntha yokha. Ma points amadyeka. Cheni ca injini monga Toyota 22R cimatambasuka cikakalamba. Mu distributor muli tuzitsulo na kalabala ka vacuum tumene tumafulumizitsa moto injini ikathamanga. Tukagwila dzimbili kapena kalabala kakang'ambika, motoka imalila bwino poimilila koma imafooka pa mseu. Pa injini zina, labala ya mkati mwa pulley imateleleka, cizindikilo n'kuyamba kunama. N'cifukwa cake makanika wosamala amayamba watsimikiza kuti pisitoni yoyamba ili pamwamba, cizindikilo cikali pa zilo.

A dizilo nawonso nkhaniyi iwakhudza. Dizilo ilibe mapulagi oyatsa, koma pampu ifunika kuponya mafuta pa nthawi yake. Ikacedwa, motoka imavuta kuliza m'mawa, maka-maka mu June, ndipo imatulutsa utsi woyela. Ikafulumila, injini imagogoda mwaukali. Cizolowezi copotoza sikulu ya pampu kuti "ipatse mphamvu" cimangowonjezela utsi wakuda na kutha dizilo. Pampu imapimidwa na dial gauge. Injini za Toyota 2L, 3L na 5L zimayendela timing belt imene ifunika kusinthidwa pa makilomita olembedwa m'buku la motokayo, ndipo pali nyali ya T-BELT yokumbutsa. Kuzimitsa nyaliyo osasintha belt ni kuchova njuga, cifukwa ikaduka mapisitoni amagunda ma valve. Komanso belt yatsopano ikaikidwa molakwika na dzino limodzi cabe, motoka imaliza ndithu, koma imayenda monga yodwala. Nissan TD27 ilibe belt, imayendela magiya. Dziwani injini imene muli nayo.

Ena adzakamba kuti amakanika acikulile akonza motoka na khutu kwa zaka zambili, ndipo motokazo zikali kuyenda. N'zoona, ndipo ulemu wao sitiucotsa. Khutu lao limadziwa msanga kuti cinacake calakwika, cinthu cimene wacicepele angatenge zaka kuti aphunzile. Koma kudziwa kuti mwana watentha thupi n'kosiyana na kudziwa kuti watentha kufika pati. Luso la madala na cipangizo ziyendele pamodzi.

Sitikamba kuti kufooka kulikonse ni timing. Sefa ya mpweya yodzala fumbi la mu September, sefa ya dizilo yotsekeka, kilachi yoteleleka kapena mabuleki ogwila, zonsezi zimafooketsa motoka. Ndipo injini zina zimathadi. Koma zimenezo nazonso zili na copimila: compression test imaonetsa ngati ma ring kapena ma valve adyeka. Nzelu ni kuyamba na zochipa, sefa, mapulagi na timing, ndiyeno compression, kumasula injini kukhale kothela.

Pali cinanso cofunika kusintha. Eni motoka ambili amalipila cimene aciona na maso, monga sipeya yatsopano, koma makanika akatha ola akupima amamuuza kuti "simunacite ciliconse." Khalidwe limeneli ndilo limakankhila amakanika ku kusintha masipeya mongoganizila. Kupima ni nchito, ndipo kulipilidwe.

Kwa ise acinyamata amene tiphunzila umakanika, apa pali mwai. Mtengo wa timing light sufika olo pafupi na wa injini, ndipo anyamata atatu a pa galaji imodzi angasonkhe n'kugula imodzi. Mabuku a injini zimenezi amapezeka pa foni. Kwa inu eni mavaneti na madalaiva, tsiku lina mukadzauzidwa kuti injini yatha, funsani mwaulemu: "Ba makanika, timing mwapeza ili pa madigili angati, buku likamba angati, nanga compression ili bwanji?" Wopima adzakuyankhani na manambala. Ngati palibe nambala, ndalama zanu zikhale m'thumba coyamba.