Router yathu imafika ku Joni, koma wakabaza wa pa Phalula siimupeza

Kwathu ndi ku Phalula, m'boma la Balaka, koma osati pamsewu wa M1 pomwe mabasi a ku Blantyre amaima. Mudzi wathu uli mkati, kuseri kwa kaphiri. Kuti foni igwire netiweki uyenera kukwera pachulu cha pafupi ndi mjigo, ndipo m'nyumba mumangoti zii. N'chifukwa chake alamu anga omwe ali ku Joni atatumiza ndalama, ndinakagula router ya 4G ku Blantyre. Tinaimangirira pamwamba pafupi ndi denga n'kuilumikiza ku batire ya sola. Tinyanga take ta mkati n'tamphamvu kuposa ta foni, ndiye pomwe foni ikulephera, iyo imagwira timizere tiwiri kapena titatu.

Pogula ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi ikhoza kuimba foni? Mnyamata wa m'sitolomo anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Iyi ndi ya data, bwana. Kuimba muziimbira pa WhatsApp." Ndinangovomera. Ndine wa ku yunivesite, ndipo anzanga onse ku Zomba ndimalankhula nawo pa WhatsApp, ndiye yankholo linandimvekera ngati nzeru.

Pa holide ya December achemwali anga anayamba kumva kuwawa cha m'ma 1 koloko usiku, mwezi wathunthu lisanafike tsiku lawo lokadikirira kuchipatala. Kunja mvula inali ikukhuthuka. Munthu yemwe tinkamufuna anali mmodzi yekha: bambo wina wa kabaza ya njinga yamoto yemwe amakhala kufupi ndi msewu. Foni yake ndi ya mabatani, ija ena amaitcha Mose wa Lero. WhatsApp saidziwa. Mafoni athu analibe netiweki, pomwe router inali phee pamwamba paja ndi timagetsi take tonse tikuyaka. Ndinaimbira alamu ku Johannesburg pa WhatsApp, kanayi konse, mpaka anadzuka. Iwo ndiwo anaimbira wakabaza uja kuchokera ku South Africa. Mawu ofuna thandizo anayamba adutsa Mozambique ndi Zimbabwe kuti akafike kwa munthu yemwe masana timamva kulira kwa njinga yake tili pakhonde. Achemwali anafika kuchipatala, mwana ali bwino. Koma alamu akanakhala kuti azimitsa foni usiku umenewo, sindikudziwa kuti ndikanalemba zotani lero.

Patapita sabata ndinatsitsa router ija kuti ndipukute fumbi. Kumbuyo kwake, pambali pa mabowo a zingwe za kompyuta, panali kabowo kena kakang'ono kolembedwa kuti TEL. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndipo phulalo ndinadyetsedwa. Ndinapeza telefoni ya patebulo yakale ku Limbe, ndinalowetsa chingwe chake m'kabowo kaja, ndinaika mayunitsi pa nambala ya SIM ya mu router, n'kuimbira wakabaza yemwe uja. Anayankha.

Palibe matsenga apa. SIM ya mu router ndi SIM ngati ina iliyonse. Ili ndi nambala yake, ndipo chiyambire 2018 pomwe kulembetsa manambala kunakhala lamulo, nayonso imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Chomwe router ilibe ndi pakamwa ndi khutu. Ma router ena a m'nyumba, monga Huawei B315, ali ndi kabowo ka telefoni kotchedwa RJ11, ndipo telefoni ya patebulo imatenga mphamvu yake pomwepo, siifuna batire ina. Ukaimba, router imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G kuti idutsitse mawu, ndiye intaneti imatha kuchedwa kapena kuduka kaye mpaka utamaliza. Komwe kampani inatsegula VoLTE ndipo router ikuidziwa, mawu amadutsa pa 4G pomwepo. Ka MiFi ka m'thumba kaja ndiye kalibe kabowoka, ndipo sikangaimbe. Zonsezi wogulitsa angathe kuzifotokoza m'mphindi ziwiri.

Mkwiyo wanga suli pa mnyamata wa m'sitolo uja yekha. Iye anangolankhula zomwe ambirife timakhulupirira, zoti kuimba foni ndi zachikale ndipo chitukuko ndi data basi. Maganizo amenewa ndi a m'tauni, a anthu omwe aliyense womudziwa ali ndi foni ya intaneti komanso bandulo. Ku Phalula anthu omwe moyo wako umadalira pa iwo pakagwa zovuta ndi wakabaza, mlangizi wa zaumoyo, amfumu, mkulu wa mpingo ndi mwini ngolo. Ambiri mwa amenewa amapezeka pa nambala wamba. WhatsApp imafuna kuti nonse awiri mukhale ndi foni yodula, nonse mukhale ndi bandulo, nonse mukhale pamalo pomwe data ikugwira. Kuimba wamba kumangofuna kuti winayo foni yake ilire.

Ndipo tisaiwale kuti ife a ku Balaka tili ndi umboni wathuwathu. Chipatala cha pa Foni chinayambira m'boma lathu lomwe lino mu 2011, pomwe bungwe la VillageReach linagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuti amayi oyembekezera ndi olera ana azitha kufunsa uphungu pa foni. Lero chimathandiza dziko lonse kudzera pa nambala yake ya foni. Nambala imeneyi simungaiimbe pa WhatsApp. Ya 116 yothandiza ana simungaiimbe pa WhatsApp. Ya apolisi, 997, chimodzimodzi. Ndiye tiuzeni, nyumba yomwe chida chokhacho chogwira netiweki ndi router, mukaiuza kuti "iyi ndi ya data," mwaitsekera zitseko zingati?

Ndikudziwa zomwe anzanga a sayansi ya makompyuta anganene, poti ena anandiuza kale. Akuti ungochotsa SIM mu router n'kuika mu foni. Amene akunena zimenezi sanayesepo kuchita izi usiku, ndi tochi pakamwa, munthu akubuula m'chipinda. SIM ya ma router ambiri ndi yaikulu, ya foni zamakono ndi kakang'onong'ono. Ngakhale italowa, foniyo ikhalabe yopanda netiweki, chifukwa chomwe chimagwira netiweki si SIM koma tinyanga ta router tomwe tili pamwamba paja. Ena akuti WhatsApp ndi yotchipa. Zoona, ndipo pocheza ndi alamu ndimagwiritsa ntchito yomweyo. Koma kutchipa kulibe phindu ngati yemwe ukumufunayo sangakumve. Enanso akuti ofuna zimenezi ndi ochepa. Angafune bwanji chinthu chomwe sanauzidwepo kuti chilipo?

Zomwe ndikupempha si zodula. Choyamba, aliyense wogulitsa router, kaya ndi Airtel, TNM kapena wa sitolo wamba, alembe pabokosi m'Chichewa kuti chidachi chimaimba kapena ayi, ndipo ngati chimaimba pamafunika chiyani. Pa paketi ya mankhwala amalemba kamwedwe, nanga apa chavuta n'chiyani? Chachiwiri, MACRA iike lamulo loti SIM iliyonse yolembetsedwa, ngakhale yomwe inagulitsidwa ngati ya data, izitha kuimba manambala aulere a zangozi ndi a zaumoyo, ilibe ndi tambala yomwe. M'maiko ena makampani amatseka mawu pa ma SIM a data, ndipo ndi bwino kutseka khomo limenelo kuno lisanazolowereke. Chachitatu, lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera osowa. Thumba limeneli, kapena bungwe lina lililonse, likamagulira intaneti sukulu kapena chipatala cha kumudzi, ligule router yokhala ndi kabowo ka telefoni pamodzi ndi telefoni yake. Mukatero mwapatsa mudzi wonse nambala yokhazikika yomwe siyenda m'thumba la munthu. Chachinayi, boma la South Africa linalengeza kale kuti likufuna kuzimitsa 2G ndi 3G. Mphepo imeneyo idzafika kuno. Isanafike, tiyambe tatsimikiza kuti mawu akudutsa pa 4G ndi kumidzi komwe, apo ayi tidzakhala ndi intaneti yothamanga m'nyumba zomwe sizingathe kuitana ambulansi.

Kwa inu anzanga a m'makoleji, ife ndife amene timatumidwa kukagula zida zimenezi, ndipo makolo amakhulupirira zomwe tawauza. Mukapita kwanu holide ikubwerayi, tsitsani router, muitembenuze, muone ngati pali kabowo ka TEL. Ngati kalipo, pezani telefoni ya patebulo, muike mayunitsi pang'ono pa nambalayo, muimbe kamodzi masana kuti mutsimikize, ndipo mulembe nambala ya wakabaza ndi ya mlangizi wa zaumoyo papepala n'kumata pakhoma. Ngati mukukagula yatsopano, musalipire mpaka wogulitsayo atakuonetsani kumbuyo kwake.

Kwathu telefoni ija ili pa kabati, pansi penipeni pa router. Amayi, omwe foni yanga amaiopa kuigwira, amainyamula okha n'kudina manambala. Dzulo anandiimbira kuno ku Zomba kundiuza kuti mwana wa achemwali wayamba kukwawa.