Mvula ikalira pamalata

Mvula yoyamba ya chaka chino idatipeza tili m'kalasi ya Fomu 3. Madontho atangoyamba kulira pamalata, mtsikana wina wa benchi yakutsogolo adadzuka osapempha, n'kutuluka. Ndidakamupeza kuseri kwa kalasi atanyonyomala, atatseka makutu ndi manja, thupi lonse likunjenjemera. Anzake adandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, ameneyu amatero chiyambire Freddy."

Mu Malichi 2023, namondwe uja atagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, mwanayu adaona matope akukokolola nyumba ya agogo ake usiku. Banja lidasamukira kuno, koma iye akangomva mvula amabwerera usiku womwe uja.

Akadaulo a zamaganizo vutoli amalitcha PTSD. Munthu amene adaona zoopsa, kaya ngozi ya basi, kugwiriridwa kapena chigumula, amalota maloto oipa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, ndipo amapewa chilichonse chomukumbutsa tsikulo. Ife timangoti, "Limba mtima, zidapita." Ndivomere, inenso ndidanenapo mawu amenewa kwa ana angapo. Vuto ndi loti kwa iwowo sizidapite.

Pofunafuna momuthandizira ndidapeza njira yotchedwa EMDR, yochiza zikumbukiro zoopsa poyendetsa maso. Poyamba ndidaseka, poti zimamveka ngati za asing'anga a m'misika. Adaiyambitsa ndi Francine Shapiro, mayi wa ku America, amene mu 1987 akuyenda m'paki adazindikira kuti maganizo omusautsa amachepa mphamvu maso ake akamayenda uku ndi uku. Mu 1989 adatulutsa zotsatira za kafukufuku wake woyamba, momwe mudali asilikali amene adamenya nkhondo ku Vietnam komanso anthu amene adagwiriridwa.

Zimayenda chonchi. Masiku oyamba mlangizi sathamangira pabala. Amamva mbiri ya munthuyo ndi kumuphunzitsa kudzikhazika mtima pansi. Kenaka wodwala amasankha chithunzi chomwe chimamupweteka kwambiri, mawu amene amadziuza akachikumbuka, monga oti "ndikufa" kapena "lidali vuto langa", ndipo amapima ululuwo kuyambira 0 mpaka 10. Akugwira chithunzicho m'mutu, amatsatira ndi maso zala za mlangizi zikuyenda kumanja ndi kumanzere kwa pafupifupi theka la mphindi. Amaima, amapuma, amanena chomwe chabwera, n'kuyambiranso, mpaka nambala ija itatsika. Alangizi ena m'malo mwa zala amagogoda pang'ono mawondo a wodwala mosinthanitsa.

Chomwe chidandikopa n'choti munthu sakakamizidwa kufotokoza zonse mwatsatanetsatane. Taganizani mtsikana wakumudzi amene adachitidwa chipongwe ndi wachibale. Mawu ofotokozera zimenezo kwa mlendo angawatenge kuti? Apa akhoza kuthandizidwa asanatchule zimene pakamwa pake pakukana.

Nanga maso akukhudzana bwanji ndi mantha? Yankho limene ine monga mphunzitsi ndimalimvetsa ndi ili: ubongo sugwira bwino ntchito ziwiri nthawi imodzi. Muuzeni mwana akumbukire nkhope ya amalume ake kwinaku akulakatula tebulo ya 7 chobwerera m'mbuyo, nkhope ija izimiririka. Chimodzimodzi chithunzi choopsa chikamakumbukiridwa maso ali pantchito, chimafooka, ndipo chimasungidwanso chili chofooka. Akadaulo ena amatsutsa. Amati chochiza ndi kulimba mtima kuyang'anizana ndi chikumbukirocho pamaso pa munthu wodalirika, zalazo ndi zongokometsera. Mkanganowu ulipobe. Komabe mu 2013 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika EMDR pa njira zovomerezeka zochizira PTSD kwa ana ndi akulu omwe.

Tsono chenjezo kwa aphunzitsi anzanga, poti ndikudziwa mtima wathu wofuna kukhala madokotala a chilichonse. Musatenge choko n'kumachiyendetsa pamaso pa mwana pomuuza kuti akumbukire chigumula. Mutsegula bala lomwe simungathe kulitseka, belu lilira, inu n'kumapita kunyumba, mwana n'kutsala nalo usiku wonse. Imeneyi ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Chipatala cha matenda a maganizo chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira pafupi ndi kuchipatala cha boma lanu, kukafunsa anamwino oona za maganizo.

Ine zomwe ndakwanitsa n'zochepa. Ndamusamutsira pabenchi ya pafupi ndi khomo, ndipo tagwirizana kuti mvula ikayamba atha kutuluka ndi mnzake mmodzi osapempha. Anyamata amene ankamuseka ndalankhula nawo paokha. Azakhali ake poyamba ankati adamutengera kale kumapemphero, koma avomera kuti Lolemba akwera naye kabaza kupita kuchipatala. Ndalama ya ulendowo tasonkha m'chipinda cha aphunzitsi.