Chidindo si ufumu

Papita miyezi 6 chiikireni m'manda anyakwawa a m'mudzi mwathu kuno kuchigwa cha Domasi, koma bwalo likadali zii. Patsinde pa mango pomwe tinkaweruzira milandu pamera udzu, mbuzi ndizo zikuchitapo misonkhano.

Chavuta n'chakuti atambala awiri akufuna kulira m'khola limodzi. Wina ndi mwana wa malemuwo, mnyamata wodziwa cholembera yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kupulayimale. Ndiye ankalembera bambo ake makalata, ndipo chidindo ndi kaundula wa mudzi zili m'sutikesi mwake. Winayo ndi muphwa wa malemuwo, mwana wa mlongo wawo wamkulu, yemwe wabwera kuchokera ku Joni mbumba itamuitana.

Wina angati izi n'za kubanja, zisiyeni. Ayi abale. Mwezi watha kutagwa maliro, adzukulu anakhala pansi ndi makasu awo mpaka dzuwa kufika paliwombo, kusowa woloza malo okumba. Mayi wina wamasiye mnzake wamudyera mizere itatu ya dimba, ndipo alibe kokadandaula. Mvula ikagwa mizereyo yapita.

Mwambo wathu ngodziwika. Ayao omwe anafika kuno m'zaka za m'ma 1860, ndi Anyanja omwe anawapeza, onse amawerengera mtundu kuchikazi. Dzina la ufumu limatsata bere. Mfumu ikagona, amayi a mbumba amakhala pansi, nayang'ana kubere lalikulu, kwa mwana wa mlongo wamkulu. Akaona kuti ameneyo ndi chidakwa kapena wamkamwa, amamudumpha n'kutenga wina wa m'mbumba momwemo. Mwana wobereka mfumuyo ufumu wake uli kwa amalume ake. J. Clyde Mitchell, yemwe anakhala pakati pa Ayao a chigawo chino m'zaka za m'ma 1940, analemba zomwezi m'buku lake la 1956, The Yao Village, ndipo anaonetsa kuti mikangano ya mabere ndiyo inkaswa midzi.

Chomwe chasintha n'chakuti pamwamba pa mwambo panabwera pepala. Atsamunda anayamba kulemba mafumu m'mabuku awo ndi lamulo la 1912, kenako la 1933 lomwe linawapatsa mphamvu zoyendetsa madera ndi makhoti. Lero tili ndi lamulo la mafumu la 1967: mfumu yaikulu monga T/A Malemia imavomerezedwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo magulupu ndi anyakwawa amavomerezedwa ndi mfumu yaikuluyo. Pabweranso mswahala, mayina a olandira thandizo, ndi malo omwe masiku ano asanduka ndalama. Dzina lomwe kale anthu ankalithawa poopa mtolo wake, lero akulithamangira.

Matenda amenewa si athu okha. Ndikuuzeni za ku Ireland, dziko lomwe ambiri timangolikumbuka tikamagula mbatata ya kachewere.

Anthu a ku Ireland anali ndi mafumu awo a mafuko. Ufumu sunkangopita kwa mwana woyamba. Akuluakulu ankasankha munthu woyenera pakati pa amuna onse ochokera kwa kholo limodzi, ndipo kawirikawiri wolowa m'malo ankadziwika mfumu ikadali moyo. Iwo ankatsata kuchimuna, ife kuchikazi, koma mfundo ndi imodzi: dzina ndi la fuko, ndipo fuko ndilo limasankha.

Kenako inabwera mfumu ya ku England, Henry VIII, ndi nzeru yake. Inauza mafumuwo kuti apereke malo awo m'manja mwake, iwabwezere pamodzi ndi mayina aulemu achingerezi olembedwa papepala, opita kwa mwana malinga ndi lamulo la ku England. M'chaka cha 1542, Conn O'Neill, mfumu yamphamvu ya kumpoto, anavomera ndipo anatchedwa Earl of Tyrone. Pepalalo linatchula mwana wake Matthew ngati wodzalowa m'malo. Mwana wake wina, Shane, anakana, nati pamwambo wa makolo dzinalo ndi lake.

Mpando umodzi, malamulo awiri. Matthew anaphedwa ndi anthu a Shane mu 1558. Shane naye anaphedwa mu 1567. Mwana wa Matthew, Hugh O'Neill, anadzalowa dzinalo, anamenyana ndi Angerezi n'kugonja, ndipo mu 1607 anathawa m'dzikomo pamodzi ndi mafumu ena. Anakafera ku Rome mu 1616. Malo omwe abalewa ankalimbirana anagawidwa kwa alendo ochokera ku England ndi Scotland. Olimbana anatsala ndi dzina, munda unapita.

Nkhaniyi ili ndi mchira. Malamulo aakulu a dziko la Ireland a 1937 amaletsa boma kupatsa munthu dzina laufumu. Komabe kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ofesi yosunga mbiri ya mabanja inkapereka zikalata zaulemu kwa anthu ooneka kuti ndiwo mitu ya mafuko akale. Mkulu wina, Terence MacCarthy, analandira chikalata chotere monga MacCarthy Mór, mutu wa fuko la MacCarthy, ndipo anthu ankamugwadira. Ofufuza atakumba anapeza kuti mzere wa makolo womwe anapereka unali wopeka. Chikalatacho chinalandidwa mu 1999, ndipo mu 2003 boma linasiyiratu mchitidwe wonsewo. Pepala linanamizidwa chifukwa panalibenso agogo oti n'kufunsa kuti kodi mwana uyu ngwa bere liti.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifetu agogowo tikadali nawo, koma akutha.

Ndisabise, mtima wanga ukumumvera chisoni mwana wa malemu uja. Mudziwu amaudziwa khomo ndi khomo. Wagona m'masiwa, wayenda kuofesi ya DC, pomwe msuweni wakeyo watha zaka zambiri kunja. Inenso ndine mkamwini m'mudzi muno, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake kuona thukuta la bambo likupita kwa muphwa, mwana ali pomwepo. Sindikunenanso kuti mwambo ndi mwala woti sungasunthe. Mabanja ambiri lero akusiyira ana awo nyumba ndi njinga, ndipo dziko silinagwe.

Koma ngati mwambo wa ufumu uyenera kusintha, asinthe ndi eni ake, masana, pabwalo, amayi a mbumba atakhala kutsogolo. Usasinthe chifukwa wina wabisa chidindo m'sutikesi, kapena wafika msanga kwa akuluakulu ndi nkhuku kukhwapa. Chidindo amasema ndi munthu pamsika. Chikalata cha boma ndi umboni chabe wa zomwe mbumba yagwirizana. Chikatsogola icho, mbumba n'kumatsatira m'mbuyo, ndiye za O'Neill zija zayamba.

Pempho langa lili pawiri. Loyamba likupita kwa mafumu omwe mukadali moyo. Itanani mbumba yanu, agogo aakazi anene mabere onse kuyambira kwa kholo lomwe linatema mudzi, wina alembe, anthu amve, ndipo kope lina likasungidwe kwa mfumu yaikulu. Ena amati kukamba za wolowa m'malo n'kudziitanira imfa. Imfa idzabwerabe, itaitanidwa kapena ayi. Chomwe mungasankhe n'chakuti mudzatisiyira mudzi kapena mlandu.

Lachiwiri likupita kwa awiri a kwathuwo. Iwe mwana wanga wa kusukulu, tulutsa chidindocho ukachiike pamphasa pamaso pa azakhali ako. Akakusankha, udzalamula mutu uli m'mwamba. Akasankha msuweni wako, khala nduna yake, pakuti cholembera chako adzachifuna. Nanunso achimwene a ku Joni, magazi okha sakwanira; yambani mwadziwa malire a madimba ndi mayina a ana amasiye. Mutu umodzi susenza denga.

Mitambo yayamba kale kuda pamwamba pa phiri la Malosa. Mayi wamasiye uja akudikira kuti wina akaime pamalire a dimba lake mvula isanagwe.