Mkazi Si Katundu Wobweza Kusitolo

Sabata yatha ku ofesi kwanga kudafika mayi wina, mwana kumsana, ana ena awiri atamgwira chitenje. Pamutu adasenza dengu la mbale ndi miphika iwiri. Chimenecho ndicho chuma chonse chimene adatuluka nacho m'banja la zaka 14. Mwamuna wake, yemwe amagwira ntchito m'boma, adakwezedwa paudindo chaka chatha, ndipo mwadzidzidzi wazindikira kuti mkazi amene adamuphikira nsima pamene anali kalaliki wopanda jekete sakumuyeneranso. Nditamufunsa mayiyo ngati adapita kubwalo la milandu, adati mkulu wina wa panthambi adamuuza kuti ukwati wopanda mtchatho ulibe mlandu, angobwerera kwawo mwaulemu.

Bodza limeneli ndi limene ndifuna kulimbana nalo lero, chifukwa likufalitsidwa ndi anthu amene ayenera kudziwa bwino, ena mwa iwo anzathu ndithu.

Malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, m'gawo 22 amavomereza ukwati wa mwambo, wa ankhoswe, monga momwe amavomerezera wa kwa DC. Lamulo la Maukwati, Kusudzulana ndi Ubale wa m'Banja, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2015, lidabwereza zomwezo, ndipo lidawonjeza kuti anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera 5 bwalo likhoza kuwayesa okwatirana ngakhale alibe pepala lililonse. Tsono bambo amene akuti "sitinalembetse" asanyengedwe. Ankhoswe aja adalandira nkhuku poyera, anthu akuona, ndipo majisitireti ali ndi mphamvu zomva mlandu wa ukwati woterewu.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi la katundu. Abambo ambiri amadalira kuti nyumba, galimoto ndi puloti zidalembedwa m'dzina lawo. Koma gawo 24 la malamulo aakulu limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho limodzi ndi mwamuna, komanso chithandizo choyenera. Lamulo la 2015 lija limalamula woweruza kuyang'ana zimene aliyense adathandizapo, ndipo lidatchula ntchito za pakhomo mwachindunji. Mayi amene adatunga madzi oumbira njerwa, amene adalima chimanga kuti malipiro a bambo apite ku malata, amene adadwazika apongozi ake kuchipatala miyezi itatu, lamulo limamuwerengera thukuta limenelo. Sindikunena kuti chilichonse chimagawidwa pakati ndi pakati ayi. Woweruza amayeza zinthu zambiri, monga mapezedwe a aliyense, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake. Koma kuyeza kumeneko sikungathere pa dengu la mbale.

Anzathu ophunzira amve ichi. Mu 2020 Bwalo Lalikulu lidagamula mlandu wa mayi amene adasunga banja pamene mwamuna wake anali kusukulu ya ukachenjede, ndipo atangolandira digiri ukwati udatha. Bwalo lidati digiriyo singadulidwe pakati ngati mkate, koma mayiyo ayenera kupepesedwa ndi ndalama chifukwa adavutikira maphunziro amene phindu lake sadzalilawa. Alipo ambiri m'maofesi athu amene satifiketi zawo zidagulidwa ndi mandasi a akazi awo.

Ndikudziwa zimene otsutsa amanena, chifukwa ndazimva m'mabawa ndi pamaliro pomwe. Amati malamulo awa ndi achizungu, akupasula mabanja, akupatsa akazi mwano. Ndiwafunse: kodi ndi mzungu uti adaphunzitsa makolo athu kuti mkamwini amange nyumba kwawo kwa mkazi? Mwambo umenewu ndi wathu, ndipo mabwalo a milandu amaulimbikitsa mpaka lero, kulamula mwamuna wosudzula kumanga nyumbayo kapena kupereka ndalama zake. Makolo athu sankalola kuti mwana wawo abwezedwe chimanjamanja. Wopasula banja ndi uja amene amagona kunja masiku atatu malipiro akangotuluka. Lamulo limangofika pamene mphika wasweka kale, kudzaona kuti mapale asalase ana.

Za ana ndisachulutse mawu. Bwalo limayang'ana ubwino wa mwana, osati kuti bambo adapereka malowolo angati kapena kuti malume ake ndani. Ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanena kuti makolo onse awiri ali ndi udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana, kaya ukwati ulipo kaya udatha. Wogwira ntchito m'boma amene amabisa pepala la malipiro ake kwa majisitireti, namalumbira kuti ngongole zamudya, pamene mkazi watsopano wamugulira sofa, akuchititsa manyazi boma limene amalitumikira.

Ena amati loya ndi wa anthu olemera. Ku bwalo la majisitireti munthu akhoza kudziyankhulira yekha m'Chichewa, ndipo ambiri amatero. Kwa amene mlandu wake ndi wovuta koma alibe ndalama, kuli bungwe la Legal Aid Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Amafunsa za mapezedwe a munthu, ndipo wosauka amamuthandiza. Ngati m'nyumba muli kumenyana, mayi asadikire kuti chisudzulo chithe: lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola bwalo kupereka chiletso msanga, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Achenjere kokha ndi madobadoba oyendayenda pakhomo pa khoti atanyamula zikwama, amene amalandira ndalama nalonjeza kuti "tikalankhula ndi bwana". Abambo nawonso amve: malamulo omwewa amateteza mwamuna amene wathamangitsidwa kuchikamwini atabzala mitengo ndi kumanga nyumba, kapena amene akumuletsa kuona ana ake.

Kwa inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, makamaka amayi, ndikupempha chinthu chimodzi. Kuyanjanitsa banja ndi ntchito yabwino, pitirizani pamodzi ndi ankhoswe. Koma zikakanika, musadzisandutse oweruza pansi pa mtengo wa mango, n'kumagawa katundu wa anthu molingana ndi amene wakugulirani chakumwa. Mulozereni munthu njira ya kukhoti, mumuuze atenge ankhoswe ake, malisiti amene ali nawo, mabuku a kusikelo a ana, ndi anthu amene adaona nyumba ikumangidwa.

Mayi uja ndidamulembera kalata yopita ku Legal Aid, ndipo amayi awiri a panthambi pake avomera kumuperekeza Lolemba. Mkulu amene adamuuza kuti alibe mlandu ndamuitana kuti tidzakambirane Lachitatu.